Munda Wanga wa Kuseri kwa Khwawa

Wokondedwa mwana wanga Sedinam,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wako kumeneko ku Tamale, pamodzi ndi amuna ako ndi ana. Ife kuno tadzuka, kupatula bondo langali limene limamva mvula mitambo isanabwere. Cholembera wagwira ndi mlamu wako Dzigbodi, koma mawu ndi anga. Ndamuuza kuti asakonze kalikonse.

Unamva kuti boma linalola chamba chosaledzeretsa chija, cha mankhwala ndi nsalu. Mabanja makumi atatu a m'mudzi muno tinagwirizana kulima munda umodzi. Koma chilolezo cha ku Accra pachokha sichikwanira. A khonsolo nawo ayenera kudzaona malo n'kudindapo. Iwo amafuna mpanda wa waya, munda utalikire sukulu, ndiponso chamba chakale chija, chaukali, chisapezeke paliponse pafupi.

Sabata yatha kunabwera mayi wa khonsolo, dzina lake Akorfa, wamng'ono kwa iwe. Anazungulira mpanda wonse, nsapato zitalemera ndi matope, nati zonse zili bwino. Anatulutsa chidindo.

Apa ndinene pang'onopang'ono. Ukukumbuka zaka zitatu zimene ndinakhala kundende. Apolisi anandigwira ndi thumba la chamba panjira, koma munda sanaupeze, ngakhale anandimenya mpaka kundigulula dzino. Mundawo ulipobe, kuseri kwa khwawa. Sindinabzalemonso, koma chamba sichidikira mwini wake. Njere zimagwa n'kumera zokha chaka ndi chaka, ndipo mwezi uno zazimuna zimakhala zili pafupi kuwaza mungu. Mphepo ya madzulo imachokera komweko n'kutsikira m'munda wathu. Mbewu yathu ikanasanduka yaukali, ndipo podzayeza akanatilanda chilolezo tonsefe.

Kpodo, mnzanga wa paubwana uja, anaona milomo yanga ikugwedezeka. Anandiponda phazi n'kunong'ona, "Nkhalamba iwe, kundende unasiyako mkazi kodi?" Anati tidzapite tokha mawa lake kukazula mwakachetechete. Ndinamuyankha kuti utsi subisika, ndipo ine kubisa ndinatopa nako.

Ndinati, "Mayi, bwezani kaye chidindocho m'chikwama. Pali malo amene simunaone."

Ndinamutsogolera. Anafunafuna njira osaiona, ndiye ndinamuuza avule nsapato, chifukwa kumunda wotere munthu amayenda m'madzi kuti asasiye mapazi. Titafika tinapeza zomera zili ponseponse. Zina zinali zazitali kuposa ine. Ndinamuonetsa chachimuna ndi chachikazi, poti iye ankazidziwira papepala pokha. Kenaka anafunsa kuti mwini munda ndani. Ndinatchula dzina langa lonse, la bambo anga lomwe.

Tsiku limenelo Akorfa sanadinde, ndipo anthu anabalalika osanditsanzika. Mkazi wa Kpodo anauza aliyense kuti ndathira mchenga mu akple, nsima ya mudzi wonse. Masiku atatu tinazula ndi kutentha, apolisi awiri ataima pambali. Mmodzi anandipempha madzi akumwa, n'kunditcha agogo.

Dzulo Akorfa anabweranso ndipo anadinda. Ananenanso kuti a khonsolo akufuna ndiziyenda naye m'midzi ina yopempha chilolezo, poti iye amadziwa poyang'ana mpanda, ine ndimadziwa pobisala munthu. Kpodo akuti boma lalemba fisi ntchito yolondera mbuzi, koma akunena akuseka, ndipo wandibwereka nsapato zake za kutchalitchi.

Tsono pempho langa ndi ili. Ndikudziwa kuti kusukulu ya unamwino unkalemba dzina la amalume ako m'malo mwa langa. Sindinakudzudzulepo, ndipo lero sindiyamba. Koma pepala la khonsolo lapachikidwa pachipata cha munda, ndipo akuti dzina langa lili pamzere wachitatu. Anthu andiwerengera kale kangapo. Ine ndikufuna ubwere pa Isitala, tikaime pachipatapo, udzaliwerenge ndi pakamwa pako.

Undipatsire moni amuna ako ndi zidzukulu zanga zonse. Mulungu akusunge, adalitsenso manja ako pamene ukugwira odwala.

Ndine bambo ako,
Agbenyega Dzokoto