Amayi Asanu ndi Atatu Osadziwana

Lolemba, 4 Malichi

Amadamu a ku ofesi andiitana ndili ndi mopu m'manja. Ndimayesa ndi za kapu ndinaswa ija. Ayi. Akuti kampani ina yopanga sopo wa ufa ikufuna kumva maganizo a amayi sopoyo asanalowe m'masitolo. Amayi asanu ndi atatu, kuwakhazika m'chipinda chathu chagalasi, kuwafunsa mafunso maola awiri. Wowapeza ndikhale ine, poti mtsikana ankagwira ntchitoyi anachotsedwa.

Chimene anachotsedwera ndikuchidziwa. Analowetsa msuweni wake m'gulu. Ndine ndinapukuta desiki yake atapita.

Malamulo andiuza kawiri. Amayi ochapa ndi manja, ogula okha sopo. Aliyense wa dera lake. Osadziwana. Wachibale wa wantchito wa pano ayi. Amadamu anati, "Odziwana amayankha zokondweretsana, ndiye ndalama za eni sopo zalowa m'madzi."

Tsiku lake Loweruka pa 23. Ndikawapeza onse, pali kangachepe kapadera. Ndikalephera, sananene.

Ndavomera. Wosesa amakana bwanji?

Lachitatu, 6 Malichi

Kwa akauntanti, aja anzanga amawatchula a Chikwanje. Pepala la ndalama za ntchito yonse patebulo, cholembera chofiira m'manja. Ndaona ndi maso anga akudula. Ya wofunsa mafunso, osakhudza. Ya wolemba zokambidwa, osakhudza. Ya m'manja ya amayiwo, achotsako pang'ono. Afika pa ine. Ya basi inali ya masiku khumi, yasanduka ya masiku anayi. Ya foni, theka. Zakumwa, botolo limodzi munthu mmodzi, wofika ndi ludzu lalikulu zake zimenezo.

"Miyendo muli nayo mayi, siimwa mafuta."

Ndaseka nawo.

Loweruka, 9 Malichi

Msika wa kutsidya kwa mlatho, kumene palibe wondidziwa. Kuimitsa munthu wachilendo n'kumuuza kuti akalipidwa chifukwa cholankhula za sopo, ine ndemwe ndikanathawa. Mayi wina wakokera mwana wake kumbuyo. Wina wati, "Ndalama yaulere kulibe, mukufuna mukatigulitse kuti?" Anyamata a pa sitandi kundiseka.

Awiri avomera. Wogulitsa tomato ndi wina wosoka zovala, mayi wosalankhulalankhula, maso akuthwa. Wandifunsa dzina la ofesi kawiri, nkulilemba pa kansalu ndi choko.

Chidendene chatupa. Ndabwera wapansi kuti ya basi itsale.

Lachinayi, 14 Malichi

M'mawa ndinali ndi asanu. Asanu enieni, a madera asanu, ndinawapeza ndi thukuta langa.

Masana amadamu atulukira kukhitchini, foni kukhutu, nkundiuza ngati akunena za shuga watha. Tsiku lasintha. Bwana wa sopo ali ndi ulendo, ndiye si Loweruka pa 23, ndi Lachiwiri pa 19, m'mawa.

Lachiwiri m'mawa! Ndani asiya benchi lake Lachiwiri m'mawa? Wa tomato wakana. Wogwira ntchito m'nyumba ya anthu wakana, abwana ake samupatsa tsiku. Wachitatu wanditukwana. Wachinayi tili pakati polankhula mayunitsi atha. Watsala wosoka yekha.

Ndabwerera kwa a Chikwanje. Sanadzutse n'komwe mutu. "Bajeti inatsekedwa."

Masiku atsala ochepa. Ya basi ndilibe. Lendi ili pakhomo, sukulu ya mwana ili pakhomo.

Loweruka, 16 Malichi

Mlamu wanga wandipeza ndikulira ndikuyanika zovala. Ndamuuza zonse, pakamwa panga sipasunga. Waseka mpaka kukhala pansi. "Nanga ife timachapa ndi mapazi? Manja awa ndi a nduna?" Achemwali anga nawo akuti akhoza kupempha tsiku kuntchito, anene kuti dzino.

Ndinati ayi. Ndikukumbukira bwino kuti ndinati ayi.

Dzuwa lisanalowe nkhani yazungulira mpanda wonse. Alandilodi alowa osagogoda, akhala pa bedi langa. "Ndamva kuli ndalama zongokhalira pampando. Usandiiwale mwanangu, nyumba zikusowa masiku ano." Akulankhula akuyang'ana denga, ngati akuliyeza.

Asanu ndi awiri, onse a mumpanda muno. Aliyense ndamupatsa dera loti azinena kuti ndi kwawo. Alandilodi akana lomwe ndinawapatsa, asankha la kumtunda kwa anthu olemera. Akuti nkhope yawo ndi ya kumeneko.

Lolemba, 18 Malichi

Dzulo tinayeserera. Kukwera mabasi osiyana. Osapatsana moni wodziwana. Osandiyang'ana. Mlamu katatu konse ananditchula alamu, nkumaseka. Kwa iye ndi masewera.

Lero ndapukuta galasi lija mbali zonse. Ukakhala mkati umangodziona wekha. Ukapita kuseri, kumdima kumene amakhala eni sopo, umaona chilichonse, ngakhale ulusi pa kolala. Kudenga tizipangizo tiwiri togwira mawu. Ndinatsokomola pang'ono, wa makina kuseri anati wamva.

Amadamu awerenga maina ndi madera, agwedeza mutu. "Mwayenda ndithu mayi." Mlonda pageti wandiyang'ana nthawi yaitali. Mwina ndi maganizo anga chabe.

Lachiwiri, 19 Malichi

Zachitika.

Ine wopereka zakumwa, thileyi m'manja. Achemwali alandira botolo nkuti, "Zikomo mayi," maso ouma, ngati sitinayamwe bere limodzi. Zandiwawa, sindikudziwa chifukwa chake.

Ndinamvera pachitseko. Wofunsa anafunsa za kuyanika zovala, pamenepo moto unabuka. Mlamu anati kwawo kuli mayi wina wodzikonda, amadzaza chingwe chonse ndi mabulangete. Alandilodi anati kwawonso kuli alendi ena aulesi, odzuka dzuwa lili pamutu nkumafuna chingwe. Anakangana zenizeni, aliyense akunena za munthu wa kutali, munthuyo ali naye maso ndi maso. Thovu, fungo, mtengo, zonse zinatulukira m'mkanganomo. Kuseri kwa galasi ndinamva kuseka kwa mwamuna.

Wosoka sanalankhule zambiri. Potuluka, envelopu yake m'manja, anaima pafupi nane nkunena motsitsa, "Masiketi anayi m'chipindamo anasoka ndi munthu mmodzi. Mpendero wake ndi wokhota mofanana." Anapita osatembenuka.

Telala wa pakona pathu. Sindinaganizeko.

Lachinayi, 21 Malichi

Ndalandira yanga. Amadamu akuti eni sopo sanaonepo gulu lomasuka chotero, anthu osadziwana koma kulankhula ngati a nyumba imodzi. Anandigwira paphewa.

Ndamugulira mwana nsapato. Zotsala ndamanga pa mpango, ndikuopa kuzikhudza. Alandilodi tsopano akundiitana "bwana wanga" pamaso pa anthu, nkumafunsa kuti china chibwera liti.

Foni ikalira ndimayesa wosoka. Sanaimbe. Bola akanaimba.

Lolemba, 25 Malichi

A Chikwanje andiitana akumwetulira. Zaka zonsezi mano awo sindinawaonepo.

Eni sopo awonjezera ndalama. Akufuna gawo lachiwiri: kuyendera mayi aliyense kunyumba kwake, kumuona akuchapa ndi sopoyo, kumujambula. Nyumba zisanu ndi zitatu, madera asanu ndi atatu. Lachinayi anayi, Lachisanu anayi. Galimoto ya ofesi, amadamu, wojambula, ndi bwana wa sopo mwini wake, wabwerako ku ulendo uja. Ine kutsogolo ndi dalaivala, kulozera njira.

Amawerengera mafuta, ndiye amandifunsa mtunda wa dera lililonse. Ndimayankha. Pakamwa pamangotuluka manambala. Alemba zonse, mpaka chakudya changa chamasana.

Lero sanadule kalikonse.

Lachitatu, 27 Malichi

Mlamu akuti tibwereke nyumba m'madera amenewo. Kwa yani? Ndani angapereke nyumba yake kwa mlendo, ndi kamera pamwamba? Achemwali asiya kundilankhula, akuti ndiwachotsetsa ntchito nkhope yawo ikaoneka, poti ananama za dzino.

Alandilodi za kumtunda aziiwala. Apaka penti pakhonde, agula beseni latsopano, auza mzere wonse kuti kubwera ojambula. Ndinayesa kuwafotokozera. "Abwere aone kwanga. Ukawapititsa kwina, makiyi anga uwasiye pawindo." Enawo ataona beseni, nawonso akatsuka awo.

Masana ndinaima pakhomo pa amadamu ndi tiyi, mawu oululira zonse ndawakonza kale. Ndisanatsegule pakamwa anati ntchito iyi ikatha mopu ndiusiya, ndikhala wopeza anthu wa ofesi, malipiro a pamwezi. Anafunsa ngati ndakondwa.

Ndinaika tiyi patebulo. Ndinati ndakondwa.

Lachinayi, 28 Malichi

Ndikulemba pabondo, m'galimoto. Tinayamba ndi wosoka, nyumba yokhayo yoona. Anachapa malaya awiri, anayankha zonse, za ine sananene kanthu. Sanandiyang'anenso. Bwana wa sopo wakondwa, akuti akufunitsitsa kuona mayi wolankhula uja wa kumtunda, ndiye wachiwiri pa ndandanda.

Akulongedza kamera kumbuyo. Amadamu akuyang'ana wotchi, akuti tachedwa kale.

Kutsogoloku msewu ukugawikana. Kumanzere ndi kumtunda, mageti aatali, agalu, palibe belu limene ndingalize. Kumanja ndi kwathu. Mpopi umodzi, mabeseni asanu ndi awiri ayalidwa kale, mwana wanga ali pakhomo ndi nsapato zatsopano, athamangira galimoto akufuula kuti amama.

Zitseko zatsekedwa. Dalaivala waliza injini. "Tilowere kuti, mayi?"

Onse akundiyang'ana. Ndakweza dzanja, koma chala sichikudziwa koloza, kumanzere kapena kumanja.