Makiyi a Tchalitchi

Lamulungu, 20 Januwale

Komiti yandipatsa masiku asanu okha. Ndizitsegula tchalitchi masana kuti alendo azilowa. Akapanda kubwera, chizikhala chokhoma sabata yonse kupatula Lamulungu. Umboni wake ukhala mayina a m'buku la alendo. A Merv, wapampando wathu, akuti, "A Glenys, kuno kumangodutsa malole a nkhosa. Mlendo wake uti?" Ndangoti tiona, koma mumtima ndapsa.

Lolemba, 21 Januwale

Ntchentche basi. Ndapukuta mabenchi onse, ena kawiri.

Lachiwiri, 22 Januwale

Awiri! Bambo ndi mkazi wake ochokera ku mzinda wa Perth, amafuna chimbudzi. Ndawauza kuti njira ya kuchimbudzi kwathu imadzera pa buku la alendo. Alemba mayina akuseka. Mayiyo akuti, "Koma muno mukuzizira bwino!" Zoonadi, makoma amiyala aja salowa dzuwa.

Lachitatu, 23 Januwale

Palibe. Noeline wa kupositi wabwera ndi masikono kudzandipepesa. Ndamuuza kuti asandilire ndisanafe.

Lachinayi, 24 Januwale

Lero ndiye ayi! Kutentha kunafika madigiri 46, magetsi n'kuthima tauni yonse. Ndinangonong'oneza Noeline pafoni kuti muno muli ngati m'firiji. Pakamwa pa Noeline ndi wailesi. Pofika wani koloko, muno munali ometa nkhosa asanu, azimayi ndi makanda, agalu atatu, mayi Petrakis a kusitolo atanyamula ayisikilimu kuti tidye asanasungunuke. Wina anabwera ndi nkhuku yake m'katoni! Ndinaseka mpaka misozi. Wometa wina, Col, wakhala kuno zaka makumi atatu osapondamo m'tchalitchi. Anandifunsa chapansipansi ngati avule chipewa. Mtima wanga unachita kuti myaa.

Koma kulemba m'buku akukana. "Ife si alendo, a Glenys, ndife a konkuno." Ndinachonderera, olo mmodzi. Tchalitchi chodzaza, m'buku mayina awiri omwe aja.

A Merv anatulukira cha m'ma 3, thukuta lili kamukamu. Molunjika ku buku. "Awiri," anatero. Ndinafuna kuwagenda nalo! Kenako anakhala pa benchi lakumbuyo, ati apumeko pang'ono. Sipanathe mphindi zisanu, mkonono, galu wa Col atawagonera paphazi.

Lachisanu, 25 Januwale

Kwazizirako, magetsi ayaka. Ndapita mtima uli m'mwamba, makiyi m'thumba, wokonzeka kubweza. Ndapeza a Merv ali kale panja ndi Col, akumuonetsa mwala umene agogo awo anasema pakhomo. Ndawatambasulira makiyi. Manja awo osachoka m'thumba.

"Sungani," akutero, maso ali kumbali. "Kungoti Lachiwiri lililonse muzindibwereka, ndizitsegula ine."

"Muzidzatsegula kapena muzidzagona?"

"Zonse ziwiri, mayi. Tatsegulani, Col akufuna aone mawindo."