Dzina la Amalume a Makwerero

Lachiwiri, 9 Julaye

Okondedwa achimwene,

Pepani kuti ndikukusokonezani ndi nkhani yooneka ngati yachibwana, chonsecho ntchito yakuchulukirani kumeneko. Ndalemba kalatayi, kung'amba, kulembanso. Musandiseke.

Mwana wanu, wachisamba wanga uja, ali ndi gemu ya ndewu imene amasewera pa tivi. Mmenemo anasonkhanitsamo anthu a m'magemu osiyanasiyana, asilikali, zinjoka, ena oponya moto m'manja. Tsopano eni gemuyo akuti anthu atchule wina amene akumufuna kuti awonjezeredwe, ndipo atseka Lachisanu la sabata yamawa.

Mukukumbukira kagemu kathu ka m'chipinda chometera cha abambo? Kamunthu konyamula makwerero, kosintha mababu a mumsewu, agalu akukathamangitsa? Tinkati Amalume, chifukwa cha buluku lolekeza m'miyendo lija. Abambo ankatithamangitsa ati tikutsekereza makasitomala, koma mukangopanda anthu ankakhala pampando wometera n'kusewera okha, lumo lili m'thumba. Kamunthuko kakagwa ankakuwa, "Amalume, mowa!"

Lamlungu mwanayu akusewera, abambo anali pampando wawo, phee, monga akhalira masiku ano. Mwadzidzidzi analoza tivi.

"Nanga Amalume ali kuti?"

Achimwene, ndinatayira tiyi pamalaya. Ndinati akubwera. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kufotokozera mdzukulu wawo za agalu aja, osaphonya ngakhale pamodzi. Chakudya anamaliza chonse tsiku limenelo.

Mwanayu akuti ndapenga. "Bambo, munthu wa mababu amenyane ndi chinjoka? Amumenya ndi chiyani?"

"Ndi makwerero," ndinatero. "Sunagundidwepo ndi makwerero iwe."

"Ndiye dzina lake ndani?"

Apo ndiye anandigwira. Eni gemu aja akufuna dzina lenileni la munthuyo ndi la gemu yake. Ife sitinawerengepo. Pamene pankatuluka dzina, pakona ya galasi, abambo anamatapo chithunzi cha mametedwe a tsitsi, ndipo palibe analimba mtima kuchimatula. Mwanayu wafufuza pa foni, kulemba za makwerero ndi agalu, koma zikungobwera zogulitsa makwerero.

Kaseti ya gemuyo inu ndi amene munatenga pochoka, m'katoni ya nsapato, pamodzi ndi makina ometera akale. Chonde yang'anani. Kapepala kake kanali kachikasu, kong'ambika mbali imodzi. Mukopere chilembo chilichonse monga chilili, ngakhale chooneka ngati cholakwika.

Ndikudziwa kuti sangamusankhe. Alipo anthu otchuka ambiri, ndipo ife tilipo atatu, anayi ndi alamu anu ngati ndiwanyengerera. Koma abambo akumafunsa m'mawa uliwonse, ndipo ndikufuna ndikawayankha kuti tamuitana ndizinena zoona.

Kunoko tili bwino. Denga la kubafa ndakonza. Abambo akumwa mankhwala pa nthawi yake, musadandaule. Alamu anu akupereka moni, mwana wanunso. Abambo ndinawauza kuti ndikulembera inu. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa ngati ndinu mnyamata wamtali uja ankadziwa kudumpha agalu onse. Ndinati eya, ndi yemweyo. Akuti mubwere mudzawaonetse.

Ndiyankheni lisanafike Lachinayi la sabata yamawa, kuti mwanayu apeze mpata wotumiza. Kaseti ikapanda kupezeka, ndiyankhenibe. Ngati n'kotheka imbani foni m'mawa, ndi pamene abambo amakhala ali bwino.

Ndine mng'ono wanu.