Amayi Anabwera ndi Kabuku ka Alamu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Michesi tonse tilipo, kungoti amayi mwendo uja ukuwavutabe.

Kuchipatala kumene ndimalemba odwala kuja atibweretsera kompyuta. Atiphunzitsa kuti chilichonse chimene adokotala apeza chili ndi nambala yake, yofanana kulikonse, kuti kompyuta yathu ikatumiza za wodwala, ya kuboma imve chimodzimodzi. Zomangolemba kuti "kuphwanya m'thupi" zija zinatha, pano timasankha pamndandanda.

Lachiwiri amayi anabwera kudzaonetsa mwendowo. Kabuku kawo kakuchipatala kanadyedwa ndi chiswe, ndiye anangotenga ka akazi anu. Nditalowetsa nambala ya pakabukupo, panatuluka za alamu zokhazokha.

Ndinati, "Amayi, kabukuka si kanu."

Iwo anati, "Iwe, kabuku ndi kabuku. Si tonse a nyumba imodzi?"

Ndinawauza kuti adokotala akanawapatsa mankhwala poona za munthu wina. Anandinyanyalira tsiku lonse, koma ndinawagulira katsopano.

Tsono pa za alamupo panali nambala ina imene anawalembera mwezi watha, ndipo tanthauzo lake ndikulidziwa. Ntchito siindilola kuulula, ngakhale amayi sindinawauze. Musadandaule, si zoipa ayi. Aimbireni foni alamuwo akuuzeni okha.

Mukamatumiza katundu musaiwale mankhwala opaka a amayi. Muikemonso kabulangete kofewa, kakang'ono. Musandifunse kuti n'ka ndani.

Ambuye akusungeni kuchilendoko.

Ine mlongo wanu,
Esinati