Mwakolezera moto ndakatulo zanga

Bambo a mwana,

Ndinu mwang'amba buku langa la ndakatulo n'kukolezera mbaula, musakane. Chikuto chake ndachipeza kuseri kwa chitseko, ndipo tsamba limodzi linatsala m'phulusa, lopsa theka. Manyuzipepala anu a mpira ali mbwee pansi pa bedi, koma dzanja lanu linakasankha changa. Chilungamo chake n'chimenecho?

Mukudziwa kuti sukulu sindinapite nayo patali. Buku lija ndinalimbana nalo ndekha, chala pamzere, mpaka linayamba kundiyankha. Chimwalirireni mwana wathu, inu munatseka pakamwa ngati sitolo yoti inagwa. Mukabwera kuntchito mumadya, n'kutembenukira kukhoma. Ine mtima ukafuna kuphulika ndimatsegula ndakatulo ya mayi wochapa malaya a mwana amene kulibe, ndilire bwinobwino, kenako ndipeze mphamvu zokasokera zovala za eni. Imeneyo ndi imene yapsa kuti inu mumwe tiyi.

Wailesi yanu ndaimenyetsa pansi. Pepani, ndinapsa mtima. Mabatire okha apulumuka, ali pawindo.

Ndapita kwa akulu anga ndisanaswe china. Muanule zovala mvula isanagwe, ndipo tsamba lopsalo musalitaye, ndalitsindira ndi kapu patebulo.

Buku lina sindikulifuna, musavutike. Mwawotcha chinthu chokhacho chimene chinkalankhula nane za mwana wathu m'nyumba muno. Ndiye mundiyankhe kuseri kwa kapepala komweka: inuyo muyamba liti kumutchula dzina?