Sindinenso Zimba, Amama

Amama, kaya muli bwanji kumeneko?

Ndafunsa chifukwa ndinu munandiphunzitsa kuti munthu amayamba ndi moni. Kunena zoona, chaka chonsechi sindinafune kudziwa. Koma nkhani zilipo zoti mumve, ndipo manje simungandidule pakamwa monga munkachitira.

Ndiyambe ndi zopepuka. Mvula inagwa bwino. Mpunga wa kudambo kuja unabereka kwambiri, ndikumva choncho, pakuti ine sindinalaweko. Mapira amene tinabzala kuno ku Chifunda njovu zinadya theka. Mkazi wanga NyaLungu anachira nthawi yokolola, mwana wamkazi wonenepa bwino. Iye anafuna kuti timutche dzina lanu. Ndinakana.

Inde, ndati ku Chifunda. Ku Chikwa ndinachokako, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa kuposa ine. Tsiku lachitatu titakuikani, abale atakhala pansi kugawa katundu, anaimirira a Petulo Zimba, mng'ono wa malemu amuna anu, amene moyo wanga wonse ndinkawatcha atata aang'ono. Anati, "Yotamu, amako apita, manje tinene zoona. Iwe unabwera pamudzi pano uli kumsana. Munda wa mpunga ndi wa a Zimba, mfuti ndi ya a Zimba. Funafuna kwanu."

Ndinaseka, Amama. Ndinayesa ndi mowa. Ndinayang'ana anthu kuti wina awadzudzule, koma onse anazolika. Mudzi wonse unkadziwa, ndi ana omwe amene ndinkasewera nawo. Wosadziwa ndinali ine ndekha, munthu wandevu, wokwatira.

Mng'ono wanu, amama aang'ono Esinala, ndiwo anandikokera kuseri kwa nkhokwe n'kundiuza zonse akulira. Akuti munakwatiwa koyamba ndi a Mateyo Nyirenda a ku Chifunda, ukwati wodziwika ndi ankhoswe. Munayambana ndi apongozi anu, munandibereka kumsana n'kuchoka. A Zimba, amuna anu achiwiri, anakutengani atakulumbiritsani kuti dzina la Nyirenda lisadzamveke m'nyumba mwawo. Lumbiro limenelo munalisunga bwino kwambiri. A Zimba anamwalira ine ndili kale ndi mkazi, inu n'kukhalabe zaka zinayi pakamwa pali potseka. Munkaopa ndani?

A Mateyo Nyirenda ndinawadziwa. Apa ndiye pakundiwawa. Ndi nkhalamba ija yopalasa bwato padoko la Luangwa. Anandiwolotsa popita kumigodi, anandiwolotsanso pobwera. Ankandiyang'anitsitsa mpaka ine kuchita manyazi. Tsiku lina bwato lili pakati pa madzi anandifunsa kuti, "Amako ali bwino, mwana wanga?" Ndinayesa ndi mmene amalankhulira akuluakulu. Titafika kutsidya anandipatsira nsomba zouma m'manja, ine n'kungoti zikomo madala, osacheuka n'komwe. Nditafika kunyumba ndinakuuzani. Inu munali kupeta mpunga, ndipo simunaleke kupeta. Munati, "Usamacheze ndi anthu a padoko, ndi akuba." Nsombazo tinadya tonse.

A Mateyo anamwalira chaka chimodzi inu musanapite. A Esinala akuti nkhalambayo itadwala kwambiri inatuma munthu kudzanena kuti ikufuna ione mwana wake kamodzi kokha. Munthuyo munamubwezera panjira. Ine tsiku limenelo ndinali kufolera khitchini yanu.

Paja munkakonda kunena kuti, "Yotamu, ine bodza ndimadana nalo, ukalakwa ungonena." Munandikwapula ndi chingwe chifukwa chonama za mazira awiri. Kodi mukukumbukira tsiku lija Bwana wa kuboma anabwera paulendo kudzalemba anyamata oti atenge zitupa? Kalaliki anafunsa dzina la atate anga. Ndisanatsegule pakamwa, inu munayankha muli chogwada uko kwa amayi anzanu, mokweza, "Zimba!" Zaka zonsezi ndayenda ndi bodza lanu m'thumba la malaya, ndikulionetsa kwa apolisi ndi akapitawo.

Manje imvani zimene ndachita. Ndinayamba ku khoti la mfumu. Anati ndibweretse mboni za mbali zonse ziwiri. A Esinala anavomera. Kuno ku Chifunda ndinapeza mlongo wake wa atate anga, azakhali a NyaNyirenda. Atangondiona ndikulowa pabwalo anagwetsa mtsuko, anati ndimayenda ngati malemu. Pakhoti nkhani yanu inakambidwa poyera, kuyambira tsiku limene munalowa m'nyumba ya a Nyirenda kufikira tsiku limene munatulukamo. A Petulo anaitanidwanso, ndipo ananena mosangalala kuti sandifuna. Sindinakutetezeni ngakhale pang'ono. Kalaliki wa khoti analemba kalata, anadindapo chidindo, anati ndipite nayo kuboma.

Kuboma ndinayenda masiku anayi wapansi, kukwera mapiri, tsetse akundiluma m'khosi. Ndinakhala pakhonde masiku ena awiri, akalaliki ali kalikiliki kukangana za Chitaganya, ndale zophatikiza maiko atatu zija. Nditalowa, kalaliki wamkulu anatembenuza chitupa changa uku ndi uku. Anati, "Anthu osintha maina timawadziwa. Wathawa ntchito kuti? Kapena wapalamula kumigodi?" Ndinapereka kalata ya khoti. Anaiwerenga mokweza, mesenjala ndi anthu onse pamzere akumva. Atamaliza anati, "Ndiye kuti amako anakubisira atate ako kufikira kufa? Anali mayi wotani ameneyo?"

Ndinafuna kumumenya, Amama, chifukwa ndinalibe yankho.

Anandilowetsa kwa Bwana, amene anandifunsa kawiri kudzera mwa womasulira ngati ndikudziwa kuti dzinali sindidzalisinthanso. Ndinati ndikudziwa. Anatsegula buku lalikulu la midzi, anadula mzere pa dzina langa pansi pa mudzi wa a Zimba, n'kundilemba pansi pa mudzi wa atate anga. Ndinadinda chala. Chitupa chakale anachisunga iwo, ndipo sindinapemphe kuchionanso. Nditatuluka ndinakhala pansi pa mtengo wa mango n'kuwerenga chatsopanocho mwina kakhumi. Ndinkayesa ndidzasangalala. Ndinangomva njala ndi kutopa.

Sizinathere pomwepo. Kalata ya ubatizo ndinapita nayo kwa abusa kuti akonze, ndi ya ukwati yomwe. Kalata yanga ya ntchito ya kumgodi ikadali ya Zimba, ndipo andiuza kuti ndikadzabwererako ndidzayamba ngati mlendo, zaka zanga zonse za pansi pa nthaka osawerengedwa. Zimenezo ndataya chifukwa cha inu. NyaLungu mpaka lero amaphonya, amati "a Zimba, madzi atentha," kenaka n'kudzigwira pakamwa. Ine ndemwe munthu akaitana kuti a Nyirenda ndimayamba ndayang'ana kumbuyo.

Azakhali anandionetsa manda a atate. Ndinaima pamenepo osadziwa chonena kwa munthu amene ndinalankhula naye mawu osakwana m'manja. Akuti chaka chilichonse mphepo ya chisanu ikayamba ankati, "Kaya mwana wanga ali ndi bulangete." Mukanandipatsa tsiku limodzi lokha, Amama. Limodzi. Ndikanawapalasira bwato.

Sabata yatha a Esinala anatumiza mawu akuti manda anu amera udzu wofika m'chiuno. Abale a kwa Zimba salimirapo, akuti munali mlendo pamudzi pawo. Ndi anthu amenewo munawasungira lumbiro. Nditamva ndinati zikukuyenerani, ndipo ndinanena mokweza kuti NyaLungu amve. M'mawa mwake ndinadzipeza ndikukhomera khasu mumpini.

Sindinakukhululukireni, musadzinamize. Koma ndinu munandibereka kumsana kuchoka kuno mpaka ku Chikwa, ndipo ndimakukondanibe, chinthu chimene chimandikwiyitsa koposa zonse. Madzi akangophwa m'mitsinje ndidzabwera kudzalimira manda anu, chaka chino ndi zaka zonse ndili moyo. Ndidzalima, ndidzasesa, ndidzabwerera. Nyimbo musayembekeze.

Ndine mwana wanu,
Yotamu Nyirenda