Nyimbo ya Ababa Yandipulumuka

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi, mwendo uja ukuwalola kuyenda? Paja munati kukazizira umatupa. Ine kuno ndili bwino, kungoti chimfine chinandigwira masiku apitawa, koma chandisiya.

Kunyumba komwe ndikukhala denga layambanso kudontha, penipeni pa bedi. Eni nyumba akuti akonza mvula ikatha, ngati kuti mvula ikatha lidzakhala likudonthabe. Ndiye ndangokokera bedilo pafupi ndi chitseko, moti potuluka ndimachita kulidumpha.

Ntchito ku laibulale ikuyenda. Masiku ano sindikungopukuta fumbi ndi kubwezera mabuku m'mashelefu ayi. Anandiika kuchipinda cha makompyuta, kumene ndimathandiza anthu ofunsira ntchito pa intaneti, ndi azigogo ofuna kuona nkhope za zidzukulu zawo zakutali. Tsamba la laibulale pa masamba a mchezo ndimalisamalanso ine. Nkhani imene yandilembetsa kalata yachokera pomwepo. Ndayesa kangapo kukuimbirani foni, koma ndikafika pa dzina lanu chala chimakana.

Mwezi wathawu abwana athu, mayi wodekha wokonda zinthu zakale, anaganiza zoti tizisunga mawu a anthu akuluakulu: nyimbo zawo, nthano, mbiri ya ntchito zomwe ankagwira. Anthu azibweretsa zomwe anajambula, ife tiziika pa tsamba lathu kuti aliyense azimvera. Tinalengeza, koma kunangoti zii, palibe anabwera. Abwana anayamba kudandaula kuti mwina angozisiya. Apa m'pamene ndinakumbukira zomwe zili m'foni mwanga.

Mukukumbuka tsiku lija, ababa atatsala pang'ono kutisiya, pamene anaumirira kuti tiwakhazike pa makina awo osokera ngakhale mphamvu zopondera analibe? Inu munali mutapita ndi mwana kuchipatala. Atakhala, anayamba kuimba nyimbo ija anapekera amayi ali pachibwenzi, yowatchula kuti Kafupi wanga, ine n'kumajambula mobisa. Chapakati ababa anatsokomola kwambiri, amayi n'kuwakalipira uku akuseka kuti asiye phokoso amwe mankhwala. Ababa anamwa, n'kupitiriza pomwe analekezera.

Imeneyo ndiyo ndinaika pa tsamba, achemwali. Sindinafunse amayi, sindinafunse inu. Ndinkadziuza kuti ndikulemekeza ababa, koma kunena zoona ndinkafunanso kuti abwana aone kuti ndine munthu wofunika pantchito.

Masiku oyamba zinakoma. Anthu ankalemba ndemanga zabwino, ena ankati yawakumbutsa makolo awo, ndipo ena anayamba kubweretsa zawo. Abwana ananditamanda pamaso pa anzanga. Ine mutu unakula. Ngakhale nthawi ya chakudya ndinkangotsegulatsegula tsambalo kuti ndione omvera achuluka bwanji.

Kenako munthu wina, sindikumudziwa, anaikopera. Anaiduladula n'kuikamo ng'oma za pa kompyuta. Chifuwa cha ababa chija wachisandutsa choimbira, chimangobwerezabwereza motsatana ndi ng'oma, ndipo pamwamba pake pamamveka amayi akuti, "Imwani mankhwala, inu!" kambirimbiri. Achinyamata akumavina nayo n'kumadzijambula, atadzigwira pachifuwa ngati odwala.

Ndinaimva koyamba kometetsa. Ndinali pampando, nsalu ili m'khosi, wometayo n'kuiika pa sipika. Onse amene ankadikira pabenchi anafa nalo phwete. Wometayo anandifunsa ngati ndinamumvapo mdala wachifuwa ameneyu, akuti mkazi wake ayenera kuti anali wolongolola zedi. Achemwali, sindinanene kuti ndi ababa anga. Ndinaseka nawo. Ndinadziona pagalasi mano ali mbee, ndipo mpaka lero nkhope imeneyo ikundinyansa kuposa uja anaika ng'omayo. Iye sanawaone ababa akubanika. Ine ndinali pomwepo, ndine ndinkawasisita kumsana.

M'mawa mwake ndinawauza abwana zonse. Sanandikalipire. Anangofunsa ngati amayi anavomera, ine n'kuzyolika. Anati nawonso analakwa posandifunsa poyamba, ndipo kuyambira tsopano mawu a munthu sadzaikidwanso pa tsamba eni ake asanalole. Tinaichotsa nthawi yomweyo, n'kulemberanso eni masamba kumene ya ng'omayo ikupezeka. Ena amva, achotsa, koma ukazula apa imamera apo. Madzi akatayika saoleka.

Pali chinanso chimene chikundisokoneza mutu. Titaichotsa kunabwera agogo ena ogulitsa zipatso pafupi ndi geti lathu, kudzafunsa kuti nyimbo ya atelala ija yapita kuti. Akuti malonda akazizira masana ankasiyira mnzawo dengu n'kudzaimvera pa kompyuta ya pakona, yeniyeniyo yopanda ng'oma. Amuna awo anamwalira osasiya mawu paliponse, ndipo ayamba kuiwala mmene ankamvekera. Nditawauza kuti oimbawo ndi ababa anga, anandigwira dzanja ndi manja awo onse, nati ndikawathokozere a Kafupiwo. Dzina limene ngakhale ife ana sitinkalitchula, lero lili pakamwa pa anthu oti amayi sanawaonepo.

Tsono pempho langa ndi ili. Nyimboyi ikuthamanga, sipatenga nthawi ifika kumeneko. Mantha anga ndi oti amayi adzaimva mwadzidzidzi pa foni ya munthu pamsika, amve amuna awo akutsokomola anthu akuvina. Chonde mukhale nawo pansi muwauze inuyo, nkhaniyi isanawapeze panjira. Ndikudziwa kuti ndakusenzetsani mtolo womwe ndamanga ndekha, koma amayi amamva bwino zikachokera kwa inu, ndipo mudzakhala nawo pafupi akamalira.

Yeniyeniyo ndatumiza pa foni ya alamu. Ngati amayi angafune, ayambe amva imeneyo, poti sakudziwa n'komwe kuti tsiku lija ndinajambula. Musandikometsere ayi. Za kometetsa zija muwauzenso. Mukatero muwafunse chimene akufuna. Akati ifufutidwe, ndifufuta ngakhale ya m'foni mwanga, chinkana ndi yokhayo imene ndili nayo. Akati isungidwe ku laibulale kuti ofuna azimvera pomwepo osatuluka nayo, abwana avomera kale kutero. Ababa ankaimbira iwo, osati ine.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa amalume, kwa azakhali ndi kwa ana onse. Wamng'onoyo mumuuze kuti asamang'ambe mabuku a mkulu wake, ndikamabwera ndimutengera lake la zithunzi. Kwa amayi musafulumire kupereka moni wanga, muyambe mwawauza. Akadzati ndiimbe foni, mundidziwitse. Akakhala chete, musawakakamize, ndidikira.

Ndine mlongo wanu,
Mzime